Mawu a Achimwene pa Wailesi

Anzanga, Jarrod ndinakumana naye pakhomo la chipatala cha impso ku Alice Springs. Ine nditanyamula bulangete la achimwene, iye, mnyamata wobwera osati wa mtundu wathu, atatsamira minibasi yomwe ankatengera odwala.

"Ndiwe uja umaimba kumpando wakumbuyo?"

"Ndimangong'ung'udza."

"Bola iwe, injini yangayi imangokhosomola."

Ndinaseka. Kupusa kwanga kunayambira pomwepo.

Achimwene ankapita pa makina otsuka magazi katatu pa sabata. Kwathu ndi ulendo wa maola asanu, ndiye tinkakhala ku hostel, zaka ziwiri osaponda kumudzi. Onse a m'minibasi muja nkhani yawo inali yomweyo. Anthu otopa, anzanga.

Ganizo linali la Jarrod. Aliyense apereke mzere umodzi wa chomwe akuchisowa kwawo, tilumikize ikhale nyimbo. Mayi ena anati agalu awo anawaiwala. Bambo ena anati akungofuna kukafera pomwe anabadwira. Ine ndinkasanja mizere, Jarrod ankajambula pa laptop, mitu yathu ikugundana pa headphone imodzi... mpaka tinasiya kunamizira nyimbo.

Kolasi anaimba achimwene, mawu atasasa: "Makina atsuka magazi anga, koma fumbi la kwathu lakana kuchoka."

Atamaliza anamuyang'ana Jarrod.

"Alamu, mlongo wangayu ndi wamakani. Mwadziputira nokha."

"Ndazolowera kale, achimwene."

Ndinkamukonda mwamuna uja, sindinama.

Mu June achimwene anatisiya. Kwathu anabwerera ali m'bokosi.

Pa mwambo wa mtundu wathu, munthu akamwalira dzina lake limagona, m'malo mwake timangomutchula kuti Kumanjayi. Zithunzi timabisa, mawu ake samveka mpaka abale adzalole, kaya chaka kaya ziwiri. N'chifukwa chake dzina lawo simuliona pano.

Ndisananyamuke kupita kumaliro ndinamugwira Jarrod dzanja.

"Nyimbo ija uyitsekere. Amayi asadzaimve."

"Ndamva babe. Promise."

Patatha miyezi iwiri ine ndi amayi tinalowa mu shopu ya kumudzi kukagula ufa ndi tiyi. Wailesi inali pa kauntala.

Fumbi la kwathu lakana kuchoka...

Ufa unagwa. Amayi anakhala pansi pomwepo, manja m'makutu, kenako anayamba kudzimenya m'mutu ngati tsiku la maliro. Azakhali awiri anawagwira. Anthu anatuluka mmodzimmodzi, aliyense akundiyang'ana ine.

Ndinatuluka panja n'kumuimbira foni Jarrod.

"Renita, tamvera kaye. Akuluakulu a zaumoyo aimva. Akukamba zobweretsa makina kumudzi kwanu."

"Unalonjeza."

"Ndinawauza a wailesi aziyamba ndi chenjezo, kuti muli mawu a malemu."

"Ife tinalowa nyimbo ili pakati, Jarrod!"

"Sorry. Koma si zimene iwo ankafuna?"

Ndiye anawatchula dzina. Lonse, m'khutu mwangamu, ngati akuwaitana akwere minibasi.

Ndinadula.

Ma message amatumizabe, sinditsegula. Mwina mfundo anali nayo, mwina makinawo adzabweradi. Ndaziganiza mpaka mutu kuwawa, ndatopa nazo. Chomwe ndikudziwa n'chakuti akanadikira. Akanabwera kudzakhala pansi ndi amalume n'kupempha. Maola asanu okha, mafuta a minibasi anali nawo.

Anzanga, munthu akakuuzani kuti "ndamva", muzifunsa kuti wamva chiyani. Iye anamva nyimbo. Ife sanatimve.

Amayi mu shopu salowanso. Amaima patali pansi pa mtengo, ine ndikaone kaye ngati wailesi ili yozimitsa.

Sanandikalipire. Anangondifunsa funso limodzi, tikuyenda kubwerera kunyumba.

"Mawu a mwana wanga anawapereka kwa mlendo ndani?"

Ndinali ine.