Madzi a ku Joni Safika pa 100

Ine sayansi ndinaphunzira ku Nchalo, pasukulu yopanda labotale. Aphunzitsi ankalemba pabolodi, ife n'kumakopera, kenako n'kuloweza mpaka zitakhazikika m'mutu. Ngakhale lero mutandidzutsa n'kundifunsa kuti madzi amawira pa madigiri angati, ndingakuyankheni ndisanatsegule n'komwe maso: 100. Fomu 4 sayansi ndinakhoza bwino, ndipo ndimanyadira zimenezo, ngakhale kuno ku Joni ntchito yanga ndi yokolopa m'maofesi a fakitale ina ku Kya Sand.

Mwana wanga wamkazi ndinabwera naye kuno ali wamng'ono, moti sukulu yake yonse ndi ya konkuno. Chaka chimene ndikunenachi anali Giredi 9, kalasi imene ana amasankha maphunziro oti apitirize nawo. Iye mtima wake unali pa sayansi basi. Koma kalasi ya sayansi pasukulu pawo inali imodzi, malo ochepa, ndipo malikisi ake anali pamalire penipeni. Aphunzitsi ake, mayi wina wachizulu wosakonda zoseka, anamuuza mosabisa kuti chimene chingamulowetse kapena kumusiya panja ndi pulojekiti ya teremu imeneyo. Mwana aliyense anayenera kusankha funso lake, kuyeza yekha, n'kukafotokoza pamaso pa kalasi.

Iye anasankha funso losavuta: kodi mchere umasintha kawiridwe ka madzi? Tinagula themomita ya kukhitchini kwa ogulitsa zinthu m'mphepete mwa msewu pafupi ndi Park Station, ija ya kachitsulo kosongoka, yoonetsa manambala pakagalasi. Loweruka m'mawa tinateleka madzi opanda mchere pa sitovu, m'fulati yathu ya ku Joubert Park, kuti tiyambire pa chimene aliyense akuchidziwa. Ine ndinaima pambali manja m'chiuno ngati mwini sayansi.

Manambala anakwera bwinobwino. Madzi anayamba kulira, kenako kubwadamuka. Themomita inafika pa 94 n'kuima.

"Dikira," ndinatero, "sanawire bwino."

Tinadikira mpaka madzi anatsala theka la poto, mawindo onse ali nthunzi yokhayokha. Nambala inali yomweyo.

Sindinavutike n'kuganiza. Ndinati themomitayo ndi fongkong, katundu wachinyengo uja wodzaza m'misewu ya mu Joni. Lolemba mwana anabwereka ya kusukulu, yagalasi, nayonso inaima pakamzere ka 94. Ndiye ndinati vuto ndi madzi a m'mipopi ya kuno, amathiramo mankhwala ambiri. Tinayesa a m'botolo, osasintha. Ndinati sitovu yathu yatopa, tinapita kwa mayi wa ku Mangochi wa khomo loyandikana ndi lathu amene amaphikira gasi. Mayiyo anatiyang'ana ngati tazungulira mitu, anthu awiri kuzinga poto wa madzi okhaokha, koma anatipatsa malo. Gasi nayenso anatipatsa 94.

Apa mtima wanga unayamba kutentha. Ndinaona mwana wanga akukaima kutsogolo kwa kalasi n'kunena kuti madzi amawira pa 94, ana onse n'kumuseka, aphunzitsi n'kumulemba kuti sadziwa ngakhale chinthu choyambirira. Ndinachita mantha, ndipo ine ndikachita mantha ndimakalipa.

"Lemba 100," ndinamuuza. "Dziko lonse likudziwa kuti ndi 100."

"Mama, ticha anati tilembe zimene taona."

"Ndiye waona zolakwika. Ine mayeso a boma ndinakhoza ndi 100 yemweyo, iwe usanabadwe."

"Hayibo, Mama, mukufuna ndiname?"

Mawu amenewo anandilasa. Ndinamuuza kuti mwana wa masiku ano akadziwa kuyatsa foni amadziona ngati waposa amake, ndi zina zambiri zimene sindizibwereza pano. Iye anakhala pabedi, akukanda foni yomwe ndinkainyozayo. Patapita kanthawi anati, "Mama, akuti n'chifukwa choti Joni ili pamwamba."

Ndinaseka mpaka kukhala pansi. Pamwamba pati? Ine mapiri ndimawadziwa. Kuchoka kwathu kupita ku Blantyre minibasi imakwera chitunda chokhotakhota mpaka makutu kutsekeka, kumeneko ndiye kukwera. Koma ulendo wa ku Joni ndinauyenda ndekha pabasi, kudutsa Tete, kudutsa Zimbabwe yense, ndipo sindinaone phiri limene tinakwera. Mu Joni momwemo ukayang'ana uku ndi uku ndi nyumba zokhazokha, mapiri ake ndi milu ya dothi la m'migodi.

"Ngati nkhani ndi kukwera," ndinatero, "ndiye ndi fulatiyi. Tili pansanjika yachisanu ndi chinayi. Nyamula ketulo titsike."

Lifiti inali itafa monga mwa masiku onse. Tinatsika masitepe, ine patsogolo ndi ketulo, iye pambuyo akung'ung'udza, mpaka kukachipinda ka mlonda pakhomo. Mlondayo anatibwereka soketi yake poganiza kuti kubwera tiyi. Madzi anawira, themomita inati 94. Tinakweranso masitepe aja.

Titafika m'nyumba anandikhazika pansi, mwana amene ndinamubereka ndekha, n'kuyamba kundiphunzitsa. Anati madzi ndi tizinthu ting'onoting'ono tosaoneka, timene tikatenthedwa timathamanga n'kumafuna kuthawa. Zimenezo ndinkazidziwa, ndinazilowezanso. Chimene sindinkadziwa n'chakuti mpweya umene uli pamwamba pathu umalemera, ndipo umapanikiza madziwo ngati dzanja pa chivundikiro. Malo otsika mpweya wopanikiza ndi wambiri, madzi amafunika kutentha kwambiri kuti awire. Malo okwera mpweya ndi wochepa, madzi amawira msanga. Ndipo Joni yonse, misewu, mataxi, ife tonse, tili pachitunda chachikulu chimene basi imakwera pang'onopang'ono munthu osazindikira. Nsanjika zisanu ndi zinayi si kanthu poyerekeza ndi chitunda chimenecho.

Ndinamva, koma sindinagonje. Ndinati zimenezo ndi za pafoni.

Aphunzitsi ake nawonso ananena chimodzimodzi, ngakhale pa chifukwa china. Mwana atawapempha kuti asiye za mchere, afufuze za 94 ameneyu, anavomera, koma anati manambala otapa pa intaneti sawalandira. Akufuna madzi owiritsidwa pamalo otsika, oyezedwa, ndi umboni wake. Apo ayi abwerere ku mchere. Mwana anabwera kunyumba nkhope itagwa. Malo otsika apafupi ndi kunyanja, ku Durban, ndipo ife ku Durban tinalibe ngakhale munthu womudziwa dzina. Kunatsala masabata atatu.

Ndinali m'taxi popita ku ntchito pamene nzeru inandibwerera. Kwathu! Kodi si paja amati kuchigwa? Kodi si paja kumatentha chifukwa n'kotsika? Madzulo ndinamuuza kuti afunse foni yakeyo kuti Nchalo ili pati. Anayang'ana, n'kundiyang'ana ine, maso ali tong'o.

"Mama, kwanu kuli pansi kwenikweni. Pafupifupi ngati kunyanja."

"Ndiye themomitayi ikupita kwathu," ndinatero. "Yomweyi, kuti wina asadzanene kuti tinasintha."

Amalawi a kuno tili ndi njira yathu yotumizira zinthu kumudzi. Pali anthu amene ntchito yawo ndi kunyamula katundu wa anzawo pabasi, mabulangete, mafuta ophikira, njinga, ngakhale firiji, n'kukapereka kwa abale. Wathu ndi bambo wina wa ku Machinga, wa kapu yoyera, amene wakhala akundinyamulira katundu zaka zambiri. Ndinamupeza pafupi ndi Park Station atazunguliridwa ndi zikwama zikuluzikulu, akumanga ndi tepi. Ndinamupatsa themomita yokulunga m'sokosi.

"Amayi, katundu wake ndi yemweyu?"

"Yemweyu, abambo. Koma ameneyu aposa firiji. Muli sukulu ya mwana wanga m'menemo."

Anaitembenuza uku ndi uku, n'kufunsa ngati kumudzi kuli wodwala. Nditamufotokozera anapukusa mutu, akuseka, nati pa ntchito yake wanyamula zambiri koma sananyamulepo chinthu chopita kukawiritsidwa. Sanaiike m'chikwama. Anaiika m'thumba la malaya ake, n'kumanga batani.

Ndinakonza zoti ikafika ku Blantyre ailandire mlamu wanga wa ku Ndirande, ayezenso kumeneko, popeza mwana anati malo atatu aposa awiri. Kuchoka apo ikwere minibasi kutsikira kwa achimwene anga ku Nchalo.

Kenako basi inawonongeka pakati pa Zimbabwe. Foni ya bambo uja inazima. Masiku anayamba kudyeka, ife tili manja lende, opanda themomita, opanda mchere woyezedwa, opanda chilichonse cholemba. Mwana sanandinene, koma ndinkamuona akuyang'ana kalendala ya pakhoma. Ine chakudya sichinkalowa. Nzeru inali yanga, ndipo ikanalephera, ndikanakhala ine amene ndamutsekera chitseko cha kalasi ija. Kuntchito ndinakolopa ofesi imodzi kawiri osadziwa.

Bambo uja anatulukira ku Blantyre kutatsala masiku ochepa, ali wotopa, themomita ili m'thumba momwe muja. Mlamu anateleka madzi pambaula tsiku lomwelo n'kutitumizira vidiyo. Nambala inadutsa 94, n'kukaima pakati pa 96 ndi 97. Mwana analumpha. Ine ndinati tisafulumire, 97 si 100.

Inafika ku Nchalo Lamlungu masana, pulojekiti ikufunika Lachiwiri. Achimwene anga ndi odula nzimbe, za sayansi alibe nazo ntchito, koma tsiku limenelo anavala malaya a kutchalitchi. Anasonkha moto panja pansi pa mtengo, mwana wawo atagwira foni kuti ife kuno tizionera, anthu a nyumba zoyandikana ataunjikana kumbuyo. Netiweki inkadukaduka, nkhope zikuuma pagalasi n'kuyambanso kuyenda.

"Amalume, musagunditse pansi pa poto!" mwana wanga anakuwa. "Ikhale pakati pa madzi!"

"Ndamva, adokotala," anatero achimwene. "Achemwali, mwanayu mukumudyetsa chiyani kumeneko?"

Anayamba kuwerenga mokweza, anthu onse kumbuyo akuvomereza ngati nyimbo. 80. 85. 90. Itafika pa 94 ndinagwira dzanja la mwana wanga mwamphamvu moti anati ndikumupweteka. Chithunzi chinauma pomwepo. Tinangomva mawu okha, achimwene akukuwa kuchokera kutali: "96! 97! Ikupitabe, achemwali! 98!" Chithunzi chitabwerera, madzi anali akubwadamuka, ndipo nambala inkasewera pa 99, n'kugunda 100, n'kubwerera, n'kugundanso.

Ndinalira, sindibisa. Aphunzitsi anga a ku Nchalo sananame, madzi a kwathu amawiradi pa 100. Mwana wanganso sananame. Ine ndinangonyamula yankho la kuchigwa n'kukwera nalo chitunda, osauzidwa kuti lili ndi malo ake. Kumudzi anthu ankaomba m'manja osadziwa bwino chimene akuombera, ndipo achimwene anafunsa ngati madziwo angapangire tiyi kapena ndi a boma.

Lachiwiri ndinapempha tchuthi kuntchito. Makolo ankaloledwa kuima kumbuyo kwa kalasi, koma tinabwera atatu okha. Mwana wanga anapachika pepala lalikulu la galafu, madontho atatu otsetsereka: Nchalo, Blantyre, Joni. Anafotokoza za mpweya ndi tizinthu ta m'madzi m'Chingerezi chosadodoma, kenako anaonetsa mavidiyo. Ana anaseka atamva achimwene akukuwa manambala, koma nambala itadutsa 94 kuseka kunatha, ndipo itagunda 100 mnyamata wina kumbuyo anaimba mluzu.

Aphunzitsi aja sanaseke. Anamufunsa kuti n'chifukwa chiyani anatumiza themomita yomweyo m'malo mogula ina kumeneko. Anayankha kuti ukasintha zinthu ziwiri nthawi imodzi sudziwa chimene chasintha yankho. Anamufunsanso kuti madzi angawire pa madigiri angati pansi pa mgodi wakuya, kunsi kuposa nyanja. Funso limeneli sitinakonzekere. Mwana anaganiza pang'ono, nati angapitirire 100, chifukwa mpweya wopanikiza ndi wochuluka koposa.

Mayi uja anatseka cholembera chake. Anafunsa kuti nzeru yotumiza themomita pabasi inali ya ndani, mwana n'kuloza kumbuyo kumene ndinaima ndi chikwama changa. Anandiyang'ana, n'kugwedeza mutu kamodzi. Kenako anatembenukira kwa mwana wanga nati, "Januwale ndikufuna ndikuone mu labotale yanga. Ukhale kutsogolo."

Ndinayesetsa kudzigwira, Mulungu ndi mboni, ndinafika mpaka pakhonde. Pamenepo nthungululu inangotuluka yokha, ya kwathu kwenikweni, yaitali, mpaka aphunzitsi a makalasi ena anasuzumira pazitseko. Mwana wanga anatuluka akuthamanga, manja kumaso.

"Mama, chonde, anthu akutiona!"

"Atione," ndinatero. "Adziwe kuti walowa ndi wa ndani."

Anandikumbatira pakhonde pomwepo, yunifolomu yake ikunyowa ndi misozi yanga, ndipo ndinaimbanso ina.