Tsiku Limene Ndinamangirira Alamu Anga pa Mzati wa Sitima

Ine ndine kalipentala. Ndikuti ndine, osati ndinali, chifukwa ngakhale manja akunjenjemera chonchi, mutandipatsa thabwa ndi sowo mukhoza kuona nokha. Sukulu ndinangoinunkhiza, koma zitseko zonse za ku fakitale ya tiyi pa esiteti yathu ndinapachika ndine, ndipo mabokosi a tiyi amene ndinakhoma, kuwaunjika pamodzi, phiri la Thyolo likanachita manyazi. Mawu nawonso Mulungu sanandimane. Ndikaitana munthu ndili ku shedi ya matabwa, othyola tiyi kutsidya kwa dambo ankadzutsa mitu. Ndayamba ndi zimenezi kuti mudziwe kuti amene anachita mantha tsiku lija sanali munthu wamba.

Nkhondo yachiwiri ya Ajeremani itatha, bwana wamkulu wa esiteti, mzungu wokalamba amene mkazi wake anali atamwalira, anati watopa ndi chiperoni. Kwawo anakana kubwerera. Anakagula sitima ya pamadzi ku Chiromo, yamatabwa, yakalekale, imene pa unyamata wake inkakoka zombo za thonje mu Shire. Anati aisandutsa nyumba, azigona momwemo, aziyenda ndi mtsinje mpaka imfa. Anafuna kalipentala ndi wophika. Kalipentala woyenera analipo mmodzi yekha. Wophika ndinamupezera ndine: alamu anga, alongo ake a mkazi wanga, amene ankaphika kunyumba ya bwana wamng'ono.

Tsono apa mumvetse bwino. Ine ku Masambanjati ndinali mkamwini. Nyumba ndinamanga ndi manja anga, koma dothi linali la kuchikazi. Munda, nthochi, ana amene ndinabereka ndekha, zonse mawu omaliza anali a alamu angawo, eni mbumba. Tsiku lonyamuka mkazi wanga anandikokera kuseri kwa nkhokwe.

"Abambo, achimwenewa madzi amene amawadziwa ndi a m'chikho okha. Mwawanyengerera ndinu ndi pakamwa panupo. Mukabwerako nokha, njira ya kuno musadzaikhote."

"Mayi, ndikupita ndi munthu wamkulu wa ndevu zake, si mbuzi."

"Ine ndanena."

Tinakwera sitima ya pamtunda pa Luchenza, nkutsika nayo kuchigwa. Kutentha kwake! Mpweya ngati wa m'chipinda choumitsira tiyi. Chombocho tinachipeza chili pamtunda, atachikhazika pa mitengo, chitakhala pamenepo dzinja ndi chilimwe kangapo. Chinali chachifupi, chotupa mimba ngati mvuu, mphuno m'mwamba, matako pansi. Kumbuyo kwake kunali mzati waufupi, wonenepa kuposa chiuno changa, wodyekadyeka ndi zingwe zokokera zombo. Bwana anaugwiragwira nati, "Uwu usachotse, kalipentala. Ndiwo mtima wake."

Nditalowa m'mimba mwake ndinaona dzuwa likulowa pakati pa matabwa ngati pa mpanda wa nsungwi. Sindinadandaule. Kwathu kumapiri mdani wa kalipentala ndi chinyezi. Thabwa lonyowa limapindika, limachita nkhungu, limanunkhitsa tiyi, kapitawo nkukubwezera bokosi. Thabwa louma ndilo chuma. Choncho ndinamanga chisakasa cha udzu pamwamba pake kuti ngakhale mame asachikhudze, mipata yonse ndinaimata ndi phala lija timamatira magalasi a mawindo, pamwamba nkupaka utoto woyera. Bwana anavomera ndi mutu. Nayenso anali munthu wa tiyi.

Kenako ndinamanga nyumba. Chipinda chogona, bedi la mbawa, mashelefu a mabuku, kakhonde kotchinga udzudzu, denga la malata. Alamu anati iwo buledi saphika pa mafuwa, ndiye ndinawamangira chitofu cha njerwa, cha chumuni chake, chofanana ndi cha kunyumba ya bwana. Anthu ankachokera kutali kudzaona. Asodzi a kumeneko ankaima ndi nkhafi zawo nkumaseka m'Chisena. Mmodzi anagogoda m'mbali mwa chombo nati, "Muchimwetse kaye madzi chimenechi, chili ndi ludzu." Alamu anamuyankha kuti akamwetse agogo ake. Tinaseka tonse, bwana yemwe.

Pa esiteti ntchito ikatha belu limalira, katundu nkunyamuka. Ifenso tinatero. Matiresi, mabuku, mbale, thumba la ufa wa buledi, zonse tinalongeza chombo chikadali pamtunda. Mmawa wina amuna a m'mudzimo anachigubuduza pa mitengo mpaka m'madzi, bwana analiza injini imene anaichotsa m'lole yakale ya esiteti, tinaloza pakati pa mtsinje.

Ine ndinali ndisanakwerepo ngakhale bwato. Pansi pakayenda, mawondo amafunsa mutu kuti tili kuti. Ndinagwira chitseko, nkumayang'ana gombe likuchoka, anthu akuchepa. Madzi a Shire si madzi a m'mitsinje ya kwathu, oti umaona mwala pansi. Ndi ofiirira, olemera, osalankhula. Pa mchenga wa pakati panali zinthu zitagona ngati mitengo yogwetsa. Titayandikira, mtengo umodzi unadzuka nkulowa m'madzi mwakachetechete. Unzake unatsatira.

Tinali titapitirira pokhota, mudzi utabisika kuseri kwa bango, pamene alamu anatuluka m'khitchini atanyamula nsapato m'manja.

"Alamu, kodi m'nyumba mwanu muno munaikamo kasupe?"

Ndinatsegula kachitseko ka pansi nkusuzumira. Mayo! Madzi akulowa mpata uliwonse, ena mothonya, ena mothamanga ngati mkodzo wa ng'ombe. Phala langa lija likuyandama zidutswazidutswa, loyera ngati makaka. Ndinatenga ndowa, alamu anatenga poto wamkulu, tinayamba kukapa. Ukataya ndowa imodzi, mtsinje ukubweza ziwiri. Bwana anasuzumira, nkhope inayera kuposa mmene Mulungu anaiyeretsera, nakhotetsa chiwongolero kuti tibwerere. Injini inatsokomola, inatsokomolanso, nkukhala chete. Madzi anali ataifika.

Chete ameneyo sindidzamuiwala. Chombo chinatembenuka chammbali, mtsinje nkuyamba kutitenga mmene ukufunira. Kunalibe chomveka koma madzi akulowa pansi pa mapazi athu, ndi alamu amene anasiya Chinyanja nkuyamba kuitana Muluku m'Chilomwe cha amayi awo. Ine lilime linauma gwa, pakati pa madzi onsewo. Ndinaganiza za ana anga, ndinaganiza za mano a zinthu zija, kuti kodi zimayambira mwendo kapena mutu.

Nditacheuka ndinaona alamu avula malaya awo oyera a ukhukhi, mwendo umodzi auponya kale kunja kwa chotchinga cha m'mbali mwa chombo. Maso ali pa bango, limene linkaoneka pafupi koma silinali pafupi. Pakati pa ife ndi bangolo panali timaso tiwiri pamwamba pa madzi, tikuyenda nafe limodzi.

Ndinawagwira m'chiuno nkuwagwetsera m'kati. Anandiluma pa mkono, chipsera chake chilipo. Munthu wogwidwa ndi mantha ali ndi mphamvu za anthu atatu, ndipo ndinadziwa kuti ndikangowasiya kuti ndikape madzi, alumpha. Ndinawakokera ku mzati uja wa kumbuyo, ndinatola chingwe, ndinawazunguliza pachifuwa ndi m'mikono, nkumanga mfundo ya kalipentala, yosamasuka.

"Ndimasuleni! Mkamwini kumanga mwini mudzi? Mwapenga kodi, alamu?"

"Mukandiweruze kumudzi. Kuno khalani pansi."

"Ndikulandani ana! Ndikulandani ndi khasu lomwe!"

"Mukalande muli moyo."

Ndinabwerera ku ndowa. Koma nditangokapa pang'ono, madzi anatulukira pamwamba pa matabwa opondapo, nayamba kunyambita akakolo. Pamenepo mutu unandiuza chimene manja anachita. Ndamangirira mwini mbumba ku chinthu chimene chikumira. Akanalumpha okha, anthu akanati ng'ona. Tsopano chikamira, apita nacho pansi ndi mfundo yanga pachifuwa, ndipo ngati ine ndipulumuka, ndikanena chiyani kuseri kwa nkhokwe kuja? Ndiwamasule, alumpha. Ndiwasiye, amira. Mantha a ng'ona anachepa pamaso pa mantha amenewa.

Chombo chinali chitapendekera mbali ya khitchini. Ndinatola nyundo yaikulu nkulowa. Chitofu chija, chimene anthu ankachokera kutali kudzachiona, ndinachimenya pakati. Njerwa zikadali zotentha, ndinkazinyamula ndi manja nkumaponya pawindo.

Bwana anakuwa, "Iwe kalipentala! Wachita misala? Leka!"

Zaka zonse pa esiteti ndinali ndisanamuyankhepo mzungu mawu oposa "inde bwana". Tsiku limenelo ndinatsegula kukhosi konse.

"Gwirani ndowa, bwana! Kapani madzi! Mabuku anuwo ataye ndani, ine?"

Anandiyang'ana ngati waona galu akulankhula. Kenako anawerama, natola ndowa. Tinataya njerwa, chumuni, bedi la mbawa, mabuku, thumba la ufa. Chombo chinadzuka pang'ono, koma madzi sanaleke.

Chimene chinatsala ndi chimodzi chokha chimene ndinabadwa nacho. Ndinakwera padenga la malata, likuwotcha mapazi, chombo chikugwedera, ndinatseka maso kuti ndisaone madzi, nkuitana. Sindikumbuka mawu ake. Ndinaitana m'Chinyanja, m'Chilomwe, ndinatukwana, ndinapempha. Mbalame zinabalalika m'bango. Timaso tija tinamira. Ndinaitana mpaka kukhosi kunamveka magazi, ndipo mtsinje unangokhala duu, wopanda munthu.

Alamu anali atasiya kutukwana. Madzi anali atawafika m'chiuno pamene anakhalapo. Anangoti, motsitsa, "Alamu, musandisiye pano." Mawu amenewo anandilasa kuposa kutukwana konse.

Ndipo pokhota paja panatulukira mphuno ya bwato, lina pambuyo pake. Asodzi aja. Anati anandimva ali kumudzi, nkuyesa kuti mvuu yagwira munthu. Ndinatsika padenga chogwa, ndinathamangira ku mzati. Mfundo inali itamwa madzi, italimba ngati fupa. Zala zinakanika, mano anakanika. Bwato lafika m'mbali, asodzi akukuwa kuti fulumirani, ine ndikufufuza m'bokosi la zida pansi pa madzi, osaona kanthu. Dzanja linagwira tchizulo. Ndinaika pa chingwe, pa mzati pomwepo, chala chimodzi kuchokera pa nthiti za alamu, nkumenya ndi nyundo. Chingwe chinaduka. Ndinawanyamula ngati thumba la chimanga nkuwaponya m'bwato iwo poyamba. Bwana pambuyo. Ine pomaliza, ndipo m'bwatomo ndinagona chafufumimba, nkhope pa nsomba za eni ake, mpaka kumtunda.

Chombo sichinamire chonse. Chinatsetsereka nkukakhala pa mchenga, madzi ali m'mawindo. Chitakhala choncho masiku angapo, asodzi anachikapa, ndipo sichinalowenso dontho. Matabwa anali atamwa, atatupa, atatsekana okha. Ludzu lija linali loona. Koma ntchito yanga musainyoze. Nyumba ija ikanakhala pamtunda, bwenzi ilipo mpaka lero.

Bwana anatiitana kuti tikonzenso, tipitirize ulendo. Ndinamva kuti anakhalamo zaka ndithu, ndi anthu a kumtsinje komweko. Koma alamu anangotola nsapato zawo nkuloza kusiteshoni, ine pambuyo. Njira yonse yokwera mapiri sanandilankhule. Ankangosisita mikwingwirima ya chingwe m'mikono, ine nkumaiwerenga ngati milandu. Sitima ikamayandikira kwathu, mantha anabweranso, ena atsopano. Munthu ndabwera naye, inde, koma ndinamumanga ngati mbuzi pamaso pa mzungu ndi alendo.

Titafika, mbumba yonse inasonkhana pakhonde. Mkazi wanga anayang'ana alongo ake kuyambira kumutu mpaka kumapazi, osandiyang'ana ine. Alamu anakwinya malaya, naonetsa mikono.

"Mwaona izi? Mwamuna wakoyu, mlongo wanga, ndi chilombo. Anandimanga. Ine. Pa mzati."

Ine maso pansi, ndikuganiza kuti zida zanga ndinyamulira m'chiyani.

"Dimba la nthochi la kumtsinje lija," anatero alamu, "kuyambira lero azilima iyeyu. Poti madzi amawadziwa."

Akazi anaseka mpaka kugwirana mapewa. Mkazi wanga analowa m'nyumba, natuluka ndi madzi osamba, nandiikira kubafa.

Dimbalo ndikulima mpaka lero, ndipo ana anga anakulira pa nthochi zake. Kamtsinje kake nkoti mwana amalumpha. Koma mvula ikagwa kumtunda, madzi akafiira nkuyamba kuyenda mwakachetechete muja, ine ndimatola khasu langa nkukwera chitunda. Anthu amaseka. Asiyeni aseke, sanamvepo injini ikukhala chete pakati pa Shire.