Galasi lofuna maso a Amayi

Mng'ono wanga atabereka mwana wake woyamba ku England, Amayi anakanizidwa viza. Zithunzi zinkabwera pa foni tsiku ndi tsiku, koma iwo ankangoziyang'ana n'kubweza foniyo. "Mwana wophwatalala chonchi ine sindikumudziwa," ankatero. Ine ndine wa mtima wapachala, ndipo mawu amenewa ankandiwawa ngati ndine ndinawamana vizayo.

Ndimagwira ntchito ya unamwino ku Chegutu kuno ku Zimbabwe, Amayi amakhala ku Kadoma. Mng'ono wanga anandiuza kuti foni yake imajambula kanema wooneka ngati wamoyo, zinthu n'kumatuluka m'galasi, ndipo kuti pali masikirini oonetsa zimenezo popanda munthu kuvala magalasi apadera. Ndinkati ndi mabodza a anthu okhala kunja. Komabe Loweruka lina ndinakwera kombi kupita kwa bambo wina wa m'tauni ya Kadoma amene amaitanitsa zipangizo zamagetsi. Atayatsa sikirini imodzi, nsomba inatuluka m'galasi n'kudzaima pafupi ndi mphuno yanga. Ndinakuwa mpaka kugwetsa chikwama.

Masikiriniwo anali a mitundu iwiri. Pa yoyamba anthu ambiri amatha kuonera limodzi, aliyense pomwe wakhala, ngakhale chithunzi chake chinali ndi kankhungu pang'ono. Atatchula mtengo ndinamufunsa ngati akugulitsa pamodzi ndi shopuyo. Yachiwiri inali yotsikirapo, chithunzi choyera bwino, koma pamwamba pake panali kakamera kosakasaka maso a munthu mmodzi yekha. Woyang'anitsitsa galasilo ndiye amaona bwino, ena onse amangoona zinthu ziwiriziwiri.

"Mari iripo here, sisi?" anandifunsa m'Chishona ngati ndalama zilipo, kenako n'kutembenukira ku Chichewa chake chothyokathyoka. "Ngati woonera ndi gogo mmodzi, tengani iyi. Chachikulu asamachotse maso."

Ndinaseka. Amayi angachotse bwanji maso pa mdzukulu wawo? Ndinatenga yotsikayo ndikudzitama mumtima kuti ndachenjera. Kanema amene mng'ono wanga anatumiza ndinangomulowetsa osamuonera, chifukwa ndinkafuna kuti woyamba kumuona mwanayo akhale Amayi.

Lamlungu titaweruka kutchalitchi, pabalaza pa Amayi panadzaza. Malume, mlongo wawo wa Amayi amene anakalambira pa mgodi ku Chakari, anakhala pa sofa. Amayi a mvano oyandikana nafe anakhala pansi. Amayi ndinawaikira mpando kutsogolo kwenikweni, ndipo ndinadina.

Amene anatuluka m'galasi anali mwamuna wa mng'ono wanga. Anali mu kabudula ndi vesiti, mawondo pamtunda, mwana ali m'manja, akuseka, akuyenda kulunjika kwa Amayi.

Amayi anabadwira ku Zimbabwe konkuno, ku Malawi sanakhaleko, koma mwambo wa makolo awo wothawa mkamwini anaugwira kuposa anthu a kumudzi. Chikwatireni mwana wawo, mkamwiniyo anali asanamuyang'anepo kumaso. Akabwera ankamulonjera ali kuseri kwa chitseko, pa foni ankangomva mawu. Ine zonsezi ndinkazidziwa. Chimene sindinaganize n'chakuti ngati wojambula ndi mng'ono wanga, wonyamula mwana akhala wina.

"Mayo ine!" Amayi anatsika pampando n'kugwada, nkhope ataiphimba ndi chitenje. "Apongozi alowa bwanji osaodira?"

Kakamera kaja katataya maso awo kanagwira a Malume. Nawo anadzambatuka, ndodo ili m'mwamba. "Wavula uyu! Iwe, akundipatsa mwana ine!" Amayi a mvano ankangoona amuna awiri osanjikana ndi ana awiri, mpaka wina anafunsa ngati kunabadwa mapasa osatiuza. Ndinazimitsa. Ndinachita manyazi, komanso ndinapsa mtima.

"Amayi, si munthu uyu, ndi chithunzi!"

"Chithunzi chimayenda kubwera pamene ndakhala?"

"Ndiye yang'anani mwana yekha, chammbali."

Ndinayatsanso, ndipo anayesa. Anapendeketsa mutu n'kumaba ndi ngodya ya diso monga amachitira nthawi zonse. Galasi linakana. Mwana anagawanika pawiri, nkhope yake ngati yofufutidwa ndi chala. Linkafuna nkhope yonse, maso onse awiri. Apo m'pamene ndinazindikira kuti pa sikirini yodula ija akanatha kuonera chammbali, mutu uli pansi, popanda kakamera kowakakamiza.

Ndinati ndiimbira mng'ono wanga kuti ajambulenso, mwanayo amunyamule yekha. Amayi anandidzudzula pomwepo.

"Ukawauze apongozi kuti achoke pa mwana wawo chifukwa cha ine? Pakamwa pako m'potentha iwe." Kenako anafunsa, "Wati limaona munthu mmodzi?"

"Mmodzi yekha, Amayi."

"Ndiye tulukani nonse. Achimwene, inunso."

Malume anatuluka akung'ung'udza, amayi a mvano pambuyo pawo. Ine ndinabwezera kanemayo kumayambiriro, n'kutuluka. Koma ndisaname, ndinazungulira nyumba n'kukasuzumira pazenera. Pamenepo galasi silinkandionetsa kanthu koma zithunzithunzi zosanjikana, ndiye ndinkangoyang'ana iwo.

Anamanga bwino mpango wa kumutu, anagwada patsogolo pa tebulo, n'kuwomba m'manja.

"Pepani apongozi, lero ndikuyang'anani. Mlandu ndi wa mwanayu."

Anadzutsa nkhope pang'onopang'ono. Chibadwire changa ndinali ndisanawaonepo akuyang'anitsitsa mwamuna m'maso chonchija, ndipo ndinachita mantha ngati ndawapeza akusamba. Kenako ndinamva akulankhula okha.

"Chipumi cha malemu agogo ake ichi. Taonani timakwinya ta pakhosi. Wanenepa, wanenepa ndithu."

Kumapeto kwa kanemayo mkamwini amatambasula manja kupereka mwana kwa wojambula. Amayi anatambasula awo, zikhato zili m'mwamba, chigongono atachikonza pogonekera mutu. Zala zawo zinagunda galasi, ndipo kanema anatha. Anakhalabe chigwadire, manja ali m'malere. Ine pazenera paja misozi inali ikungotsika.

"Iwe," anaitana osacheuka, podziwa bwino pamene ndinaima. "Dzayatsenso. Mwina ndinachedwa kutambasula manja."