Njovu Imene Ndinagula ku Lusaka

Ndine munthu wokonda nyimbo, komanso, ndivomere, wokonda kuti anzanga aziona. Nditaphunzitsa zaka zambiri ku Chinyunyu, ndinatopa ndi kawailesi kolira ngati nkhuku yachitopa, ndipo ndinakwera minibasi kukagula zoimbira zenizeni ku Lusaka. Mkazi wanga ndinamuuza kuti ndikugulira atate, poti makutu awo anali atayamba kugontha ndipo nyimbo za kwaya sankazimvanso bwino. Theka lokha ndilo linali loona.

Atate anabwera kudzakhala nafe kuchokera ku Shikabeta amayi atamwalira. Amayi anaphedwa ndi njovu m'munda wa chimanga. Kumundako anapita awiri, koma kunyumba anabwerera atate okha, ndipo nkhaniyi pakhomo pathu sitinkaikamba. Adokotala ku Mpanshya analinso atatichenjeza kuti mtima wawo ndi wofooka, tisamawadzidzimutse.

M'sitolomo wogulitsa anandikhazika pampando wapakati, masipika atandizungulira. Ndinamvera makina atatu, ndikugwedeza mutu ngati katswiri. Kenako anamenya ndi chikhatho chibokosi chakuda chotulutsa mawu okuya, chimene amati wufa.

“Ba ticha, ivi vinangu ni vidoli chabe,” anatero. “Tengani iyi. Wufa iyi simuimvela na matu, muimvela mu chifuba.”

Mawu amenewo akanayenera kundikumbutsa kanthu. Ine ndinangoseka n'kunena kuti azimange.

Ndinazilumikiza Loweruka masana, mkazi wanga atapita kumsonkhano wa amayi kutchalitchi. Ndinayeza chipinda ndi chingwe kuti sofa ikhale pakatikati. Masipika awiri ndinaika kutsogolo, kasipika kamodzi pansi pa wailesi yakanema, ena awiri ndinakhomera kukhoma kuseri kwa sofa. Mawaya onse ndinawalowetsa mu ampulifaya, makina okweza mawu, wofiira kofiira, wakuda kwakuda. Wufa ndinaikhazika pansi pakona monga anandiuzira wogulitsa uja, osaganiza kuti kuseri kwa khoma lomwelo ndi kuchipinda kwa atate. Iwo anali atagona pamphasa pansi, poti bedi ankati limawathyola msana.

Ampulifayayo ili ndi batani loyesera. Nditalidina, inayamba kupemerera sipika iliyonse payokha, kumanzere, pakati, kumanja, kumbuyo. Itafika pa wufa, kunatuluka mdidi wokuya, wopanda nyimbo, ndipo ine ndinakweza. Magalasi a mawindo ananjenjemera, mbale zinayamba kugundana m'kabati. Ndinatsinzina pasofa ndikumwetulira ndekha.

Mdidiwo unandilowa m'mapazi n'kukwera mpaka m'chifuwa, ndipo apo m'pamene kumwetulira kunandithera. Ndinali ndinaumvapo. Ndili mwana ku Shikabeta atate ankandiuza kuti njovu usanaione umayamba waimva m'chifuwa. Ukaimva, tola fumbi uliwaze, thawira kumene likulowera kuti fungo lako lisaifike, ndipo ikakutsata uitayire malaya ichedwe nawo.

Ndinazimitsa n'kuthamangira kuchipinda kwawo. Mphasa inali yokha. Nsapato zinalipo, ndodo yawo inalipo, chitseko chakuseri chili pululu.

Ndinaitana, ngakhale ndinkadziwa kuti sangandimve. Ndinazungulira nyumba, ndinasuzumira kuchimbudzi ndi kukhola la nkhuku, kulibe. Pakanjira kodutsa m'munda mwa aneba ndinapeza jekete yawo ili pansi. Mantha amene ndinagwidwa nawo pamenepo sindinawamveponso. Ndinawerama, ndinatapa fumbi n'kuliwaza. Linauluka kulowera kumsewu waukulu wa ku Chipata.

Amene amaudziwa msewu umenewu akudziwa mmene mathiraki amatsikira pamenepo. Ndinathamanga ndikuona m'maganizo nkhalamba yopanda nsapato, yosamva hutala, ikulowa patala osayang'ana uku ndi uku. Ndinkaganizanso za mtima uja. Nkhuyu zodya mwana zipota wamkulu, ndipo mwanayo ndinali ine, bambo wa imvi zake.

M'mphepete mwa msewu ndinapeza mayi wina wogulitsa makala ataimirira, manja ali kumutu.

“Ba ticha! Ba shikulu banu bajumpha apa manje manje. Thiraki yabaphonya pang'ono chabe, ine nachita kutseka menso!”

Analoza kutsidya kwa msewu kumene atate anali atawolokera. Ndinawoloka, nanenso osayang'ana. Ndinawapeza m'ngalande ya madzi, atadzipanikiza pakamwa pa chipaipi chodutsa pansi pa msewu. Mapazi anali magazi okhaokha chifukwa cha minga, ndipo ankapuma mokoka, dzanja lili pachifuwa. Atandiona anandigwira mkono n'kundikokera pansi.

“Gona, iwe! Ili pafupi. Ni ikazi, ili na mwana.”

Ndinawayandikira kukhutu n'kufuula kuti kulibe njovu, ndi wailesi yanga yatsopano ija. Ndinabwereza katatu. Ndinkayembekeza kuti andikalipira, ndipo ndikanakondwa akanatero. Iwo anangondiyang'ana nthawi yaitali, mpweya ukubwerera pang'onopang'ono.

“Iwe unali m'nyumba?” anafunsa.

“Ee, atate.”

“Pamene n'nathawa, unali m'nyumba?”

Ndinagwedeza mutu. Anasiya mkono wanga n'kuyang'ana pansi.

“Ndiye nakusiya,” anatero. “Na iwe nakusiya.”

Sindinawaonepo atate akulira, ngakhale pamaliro a amayi. Analira m'ngalandemo, mathiraki akudutsa pamwamba pathu. Ndinawabereka kumsana mpaka kunyumba.

Mtima wawo unapirira, anakhala nafe zaka zina zitatu. Wufa ndinaizula waya tsiku lomwelo, ndipo lero mkazi wanga amaikapo maluwa apulasitiki. Masipika enawo amaimba bwino, kwaya atate ankaimvera ndithu. Koma kuyambira tsikulo, thiraki yolemera ikadutsa kumsewu nthaka n'kunjenjemera, atate ankasiya chilichonse, kaya akudya kaya akusenda chimanga, n'kuyamba kundifunafuna pakhomo. Akandipeza ankandigwira dzanja mpaka mdidiwo utatha.