Kukazonda timbale ta mu labotale

Ndinanyamuka ku Edmonton Loweruka cha m'ma 9 koloko m'mawa. Chipatala china chinkafuna wothandizira mu labotale, ndipo tsiku lomaliza kufunsira linali Lolemba, koma ine ndinali ndisanalembe. Kwathu ndinagwira ntchito imeneyi zaka khumi ndi chimodzi. Kuno kunja ndatha zaka zisanu ndi zitatu ndikusambitsa okalamba, ndipo ndinkaopa kuti zonse zinauluka m'mutumu.

Amene anandikoka ndi Mayi Phiri, anzanga a kuntchito, obadwira pa famu ku Zimbabwe ngakhale makolo awo ndi a ku Dedza. Anaona pa foni kuti myuziyamu ina yaika ziwiya za mu labotale pachionetsero, ati poti n'zokongola.

"Tiyeni mukaone abale anu," anatero. "Entrance ndi free, mukuopa chani?"

Basi ya ku Seven Sisters inadya paundi imodzi ndi mapeni 75, n'kumakwawa mumsewu wa ku Tottenham ngati yanyamula maliro. Kuchoka apo tinalowa sitima yapansi, kukasintha pa Victoria. Mandasi anayi amene ndinatenga, Mayi Phiri anadyapo atatu, uku akudandaula za shuga wawo.

Tinatsika pa South Kensington 11 koloko itadutsa. M'myuziyamumo tinasochera kawiri, mpaka mlonda wina wachizimayi anatilozera masitepe.

Ziwiyazo ndinazizindikira ndili patali. Timbale toyera mbee ta dothi lowotcha, timiphika totenthetsera mankhwala, fanulo ya timabowo, kamtondo ndi kamunsi kake, zonse zili ndondolo kuseri kwa galasi, nyale zikuziwalira. Kapepala ka pambali kankatamanda maonekedwe ake osalala, kopanda mawu ndi amodzi omwe onena za ntchito yake. Panalibe kadontho kapena mwaye. Za ku labotale ya kwathu zinali zakuda kumatako ndi moto, ndipo ndinazisowa.

Amene anandiphunzitsa ntchito, malemu a Chirwa, sankalola kambale kupita pamoto usanakagogode ndi chikhadabo. Kabwino kamalira ngati belu. Kamng'alu kamangoti pho, ndipo kakhoza kukuphulikira. Ndiye ine, mayi wamkulu ndithu, ndinangozindikira chala changa chikugogoda galasi la eni ake.

Mlonda uja anafika msangamsanga n'kundipempha mwaulemu kuti ndisakhudze.

"Sorry, dear," Mayi Phiri analowerera. "She is a scientist." Kenako kwa ine: "Mwatichititsa manyazi, muwafotokozere tsopano."

Ndinafotokoza m'Chingerezi changa chopunduka ndi manyazi. Mlondayo anafunsa za fanulo, ndinamuuza mmene timayalira pepala losefera, kulinyowetsa kaye kuti limatirire. Anafunsa za timiphika, ndinamuuza kuti chivundikiro sitivundikira chonse, timasiya kampata kolowera mpweya. Mawu ankangobwera okha, manja akupera m'malere. Anthu ena atatu anaima n'kumamvetsera.

"Ndaima m'chipinda chino miyezi ingapo, palibe anandiuzapo zimenezi," anatero mlondayo. "Mumagwira labotale iti?"

Ndinabwezera maso pa timbale tija. Mayi Phiri anandigwira mkono, n'kutuluka nane.

Pobwerera sitinagule n'komwe tiyi wa mapaundi atatu amene tinalonjezana popita. Ndinalira kuchokera pa Victoria mpaka King's Cross, Mayi Phiri akundipatsira tishu. Ndikudziwa kuti malabotale a kuno adzaza makina ndi mapulasitiki, mwina timbale totere sindidzatigwiranso. Koma ndinapita kukaona ngati ndinaiwala, ndipo ndinapeza kuti sindinaiwale: ntchito yanga ndimaifunabe, kuifuna kopweteka.

Nditafika kunyumba cha m'ma 4 koloko, jekete sindinavule. Ndinakhala patebulo n'kuyamba kulemba kalata yofunsira ntchito ija.