Nyumba Yomera Yokha ya a Patukani

Mu ofesi yathu yojambula mapulani a nyumba munali bambo wina amene tinkawatchula kuti a Patukani. Dzinali anadziputira okha, chifukwa sankadutsa kumbuyo kwa munthu amene ali pa kompyuta osanena kuti, "Patukani ndikuonetseni." Ukapatuka, iwo khale pampando pako, n'kusokoneza zonse, kenako n'kunyamuka akupukusa mutu ngati wolakwa ndiwe. Ine ntchito yanga ndi kusindikiza ndi kupinda mapulani, ndipo ndisabise, bambo amenewa ankandinyansa.

Kujambula anaphunzira kale, nthawi ya matabwa ndi mapensulo, ndipo nkhani imeneyo tinkaimva mpaka makutu kuwawa. Anakwatira achemwali a bwana, basi, ndiye satifiketi yawo yonse imeneyo. Makompyuta atabwera anakana maphunziro, ati iwo sangaphunzitsidwe ndi ana obadwa dzulo. Zochepa zimene ankadziwazo anachita kuba ndi maso, koma matama ake, abale inu, ngati kompyutayo anaipanga ndi iwo.

Kuseva ntchito, kuisunga mu kompyuta kuti isatayike, ankati ndi khalidwe la amantha. "Mmisiri amaseva akamaliza," ankatero, chala m'mwamba. Ngakhale kaja koseva kokha anakatseka, ati kamawadodometsa. Kompyuta yawo sinkazimitsidwa, poweruka ankangoifunditsa nsalu. Magetsi akanawaphunzitsa kalekale, koma mabatire a mu ofesi ankawabisira uchitsiru wawo.

Chimene ankanyadira kwambiri chinali chionetsero. Pa pulogalamu yojambulira pali timivi tiwiri. Koloza kumanzere kamafufuta zimene wachita, chimodzichimodzi, kubwerera m'mbuyo. Koloza kumanja kamabwezeretsa zimene wafufutazo. Ndiye kasitomala akabwera, a Patukani ankadina kakumanzere mpaka pulani yonse itatha, sikirini n'kutsala mbee. Kasitomala akatulutsa maso, iwo n'kuseka, n'kuyamba kudina kakumanja. Makoma n'kumera, zitseko n'kubwerera, mawindo, khonde, zonse. Anthu ankaomba m'manja, iwo n'kumadzigunda pamtima.

Wojambula mnzawo, amene ankakhala cha pawindo, anawachenjezapo kuti kakumanjako kali ndi lamulo lake: ukabwerera m'mbuyo n'kujambula chinthu chatsopano, ngakhale kamzere kamodzi, zofufutidwa zija zapita. A Patukani anangomuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi. "Ndikudziwa, mwana iwe." Paja amati ndadziwa kale adamanga nyumba yopanda khomo.

Chaka chimenecho ntchito zinasowa. Kenako kunabwera mayi wina wa golosale amene ankafuna kumangira amayi ake nyumba, ndipo anati ikamusangalatsa atipatsanso ntchito ya mashopu ake. Bwana anapereka pulaniyo kwa alamu awo, koma anawauza ife tonse tikumva: "Alamu, madandaulo okhudza inu andikwana. Mayi uyu akatithawa, chilamu chikathera kunyumba. Muno simudzalowanso."

A Patukani anaijambula kwa masabata, ndipo chilungamo chake inali pulani yabwino ndithu, mwina yabwino kuposa zonse zimene anajambulapo. Koma kuseva, ayi.

Tsiku loonetsa, mayi wa golosale anabwera ndi amayi ake, munthu wokalamba woyenda ndi ndodo, atavala zakutchalitchi. Tinawapatsa mpando pafupi ndi kompyuta. A Patukani anavundukula nsalu, anakonza tayi, n'kuyamba zawo zija. Dinu, dinu, dinu, nyumba ikutha, mpaka sikirini mbee.

"Tsopano amayi, penyetsetsani muone nyumba yanu ikumera."

Asanadine, mayi wa golosale anafunsa kuti msewu ukhala mbali iti, poti amayi ake amakonda kukhala pakhonde kumaona anthu odutsa. Funso losavuta, loyankha ndi pakamwa kapena kuloza ndi chala. Koma a Patukani angaloze ndi chala ngati munthu wamba? Anagwira mausi n'kukoka mzere kuchokera uku mpaka uko.

"Msewu ndi umenewu."

Kenako anadina kakumanja. Zii. Anadinanso. Kamuvi kaja kanali katazilala. Anafufuta mzere uja n'kudina, ndipo chimene chinabwerera ndi mzere womwewo basi. Anafufutanso, n'kudinanso, mzere uja n'kubweranso. Thukuta linayamba kutsika m'khosi, kolala yonse kunyowa. Wa pawindo uja anagwira kukamwa. Ine ndinali nditaima ndi mapepala m'manja, ndipo ngati mukuganiza kuti ndinawamvera chisoni, mwalemba m'madzi.

Amene anandimvetsa chisoni ndi agogo aja. Anasendeza mpando, n'kuyandikitsa nkhope pa sikirini, kudikira moleza mtima. Patapita nthawi anatembenukira kwa mwana wawo.

"Kodi yayamba kumera? Maso angawa saona bwino."

A Patukani anayamba kubwebweta, ati ndi vairasi, ati pali wina anagwira kompyuta yawo, ati mausi ndi yachabechabe. Asa! Munthu wamkulu, imvi m'mutu, kunamizira mausi. Mayi wa golosale sanakalipe n'komwe. Anadzutsa amayi ake, anawapatsa ndodo, n'kuuza bwana kuti akaona kwina.

Chitseko chitatsekeka, bwana anapita pa tebulo la alamu awo n'kuwachotsa mausi m'manja mwaulemu.

"Alamu, mukawauze nokha achemwali. Ine sindiwaimbira."

A Patukani anakhala pomwepo mpaka nthawi yoweruka, maso ali pa kamzere kawo. Ena onse atatuluka, iwo anabwera ku chipinda chosindikizira, jekete ili pamkono. Kwa zaka zonsezo anali asanalowemo, ndipo ankangondiitana ndi mluzu. Tsiku limenelo ndiye ndinasanduka achemwali.

"Achemwali, inu munaona zonse. Tiyeni mundiperekeze kunyumba, mukawafotokozere mayi a ana kuti ndi makina. Ine sakandikhulupirira."

Maso awo anali psuu. Ndinawayang'ana, ndinayang'ana mulu wa mapepala pa tebulo langa, ndipo ndinawauza kuti ndili ndi mapulani oti ndipinde.