Utsi wa mabushi pa mbaula ya Tadala

Chaka chimene chimanga chinapsa ndi dzuwa ndinauza amuna anga, a Mofati, kuti ndipita ku Joni. Tinagwada, tinapemphera, m'mawa mwake anandiperekeza kukakwera basi pa Songani. Mwana wathu Tadala anali Sitandade 4. Sanalire, anangogwira chitenje changa mpaka kondakitala anamuchotsa.

Ndinkaganiza zokagwira m'nyumba za anthu, koma Mulungu anandiponya m'galaja ya bambo wina wa ku Mozambiki. Ndinayamba ndi kusesa. Ataona kuti sindiopa girizi, anandiphunzitsa kuchotsa mabushi, timalabala tija timakhala m'zitsulo zogwira matayala. Timalabalati tikatha, galimoto imagogoda ngati munthu wa pakhomo. Ndalama ndinkatumiza mwezi ndi mwezi, mwina yochepa, mpaka a Mofati anagula Sienta yakutha yonyamula anthu. Koma Lamlungu linkandiwawa. Ndinkaimba nyimbo za kwaya ndekha m'kachipinda, ndikumvera mawu a Tadala pafoni. Chaka chilichonse mawuwo ankafupika.

Nditabwerera ndinapeza namwali wamtali kundiposa. Anandigwadira, anandipatsa moni wa alendo. Madzi osamba ankandiikira, chakudya ankandipatsa pandekha m'mbale zagalasi. Ndikagwira tsache ankandilanda, amvekere pumani. Ndinkamwetulira, koma mumtima ndinkafunsa Ambuye ngati ndinapita kukagula galimoto n'kugulitsa mwana.

Loweruka lina Sienta inagona pakhomo. Msewu wa ku Malosa unali utadya mabushi onse akutsogolo. A Mofati anamasula chitsulo chogwira tayala n'kuyamba kuchimenya ndi hamala, thukuta kamukamu, labala osasuntha. Ndinawauza kuti chotero apinda chitsulo. Iwo anaseka, akuti injiniya wa ku Joni atithandize ndiye.

Kugalaja tinkakankha ndi makina, kapena kuwotcha ndi gasi. Kuno ndinayang'ana uku ndi uku, ndinaona mbaula ili ndi makala oyaka kuseri kwa khitchini. Ndinasanjikapo chitsulo chija. Labala inayamba kulira, kudontha, utsi wakuda tolotolo. Itafewa ndinaikankha ndi chizulo, inagwa yonse. Kachitsulo kozungulira kotsalira mkati ndinakadula ndi sowo pang'onopang'ono, kanatuluka ndi kumenya kumodzi. A Mofati anavula chipewa, amvekere lobola sitilipira kuno koma lero ndikadalipira.

Apo n'kuti Tadala akuchokera kumjigo. Anatula ndowa, anayang'ana mbaula, anandiyang'ana ine. Makala aja anayatsira nyemba, ndipo poto ndinali nditamutula pansi osavundikira.

"Amayi, mutu wanu ukuyenda bwino? Nyemba zanga zonse zanunkha tayala. Mbaula imeneyi ndinagula ndekha ndi ndalama ya zitumbuwa."

Bambo ake anati ulemu iwe, ndi mayi ako awa. Iye osamva.

"Mayi anga omwewo akwecha mbaulayi. Mchenga uli apo. Mukatha mukathyole chisoso kudimba, apo ayi tigona ndi njala."

Ndinakhala pansi pomwepo n'kuseka mpaka misozi, manja ali bii. Mwanayo anadabwa, kenaka naye anayamba kuseka, akundikankha paphewa kuti ndidzuke.

Zaka zonse zija ndinkapempha Mulungu kuti kwathu akandilandire ndi ulemu. Ndinkapempha molakwa, Iye anandikonzera. Kudimba tinapita awiri, iye patsogolo, akundilongosolera njira yonse mmene bambo ake amaonongera sopo.